Digiri ya kafukufuku wa uinjiniya si ya anthu andalama okha

Ambiri amakhulupirira kuti wofuna kuchita Masters kapena PhD ya uinjiniya ayenera kudzilipirira yekha fizi yonse. Maganizowa amasakaniza maphunziro awiri osiyana. Masters yongophunzira m'kalasi, inde, kawirikawiri wophunzira amalipira yekha. Koma ya kafukufuku itha kuyendera ndalama za polojekiti.

Pulofesa akapeza thandizo la ndalama kuchokera ku boma kapena kampani, amasowa manja mu labotale. Ku America, wophunzira wotere amalembedwa ntchito yothandiza kafukufuku: amagwira pafupifupi maola 20 pa sabata, salipira fizi, ndipo amalandira kangachepe mwezi uliwonse. Kumeneko munthu atha kulowanso PhD ndi digiri yoyamba yokha, osadzera ku Masters.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa kalata yofunsira malo. Kutumiza uthenga umodzimodzi kwa mapulofesa 30 n'kutaya nthawi chabe, amauzindikira pa mzere woyamba. Werengani zolemba ziwiri kapena zitatu zimene pulofesayo wasindikiza posachedwa, tchulani pamene mungathandize, kaya kulemba mapulogalamu a kompyuta m'chilankhulo cha Python kapena kuyeza kulimba kwa konkire, kenako funsani ngati ali ndi malo chaka chamawa.

Funsaninso kuti ndalama za polojekitiyo zitha liti. Thandizo lotere nthawi zambiri limakhala la zaka 3, pomwe PhD ya ku America imatenga zaka 5 kapena kuposerapo. Ndalamazo zikathera panjira, wophunzira amayamba kuthandiza kuphunzitsa kuti apeze zodyera, ndipo kafukufuku wake amachedwa.