Sitima ya dizilo ilibe magiya, abale

Funso ili landitopetsa. Munthu akangomva kuti ndimakonza masitima, pompo afunsa kuti kodi imakhala ndi magiya angati. Masitima akuluakulu ambiri a dizilo alibe. Injini ya dizilo ija imangozunguza jenereta basi, magetsi otuluka pamenepo amapita ku mamota amene ali kunsi pafupi ndi mawilo, ndiwo amakoka. Ngakhale zija zonyamula malasha kuchokera ku Moatize kudutsa pa Nkaya ndi Liwonde mpaka ku Nacala zimayenda choncho. Gautrain ya ku Johannesburg imangosiyana poti magetsi imatapa pa waya wa pamwamba, wa 25 kV.

Nde nkhani yonse ili pa mota. Mamota akale a DC (magetsi oyenda mbali imodzi) ali ndi mabulashi a kaboni amene nthawi yonse amakhula pa commutator (chigawo chozungulira cha kopa cholowetsa magetsi mu mota), amaperepeseka ngati chofufutira cha mwana wasukulu ndipo fumbi lake lakuda limadzadza mkati, muyenera kumatsegula, kupukuta, kuyeza, kusintha. Mamota a AC (magetsi osinthasintha mbali) alibe mabulashi, liwiro amawapatsa ndi inverter, chida chosintha magetsi opita ku mota. Ku Japan anapita patali, sitima za pa Ginza Line ku Tokyo zili ndi mamota a maginito otsekedwa moti fumbi sililowa, ndipo sitima yaliwiro kwambiri ya N700S yomwe inayamba ntchito mu 2020 ili ndi zida zamagetsi zopangidwa ndi silicon carbide, zazing'ono, zosataya magetsi ambiri ngati kutentha. Pomanga mabuleki mota imasanduka jenereta, sitima ya magetsi imabweza mphamvuyo pa waya kuti ina igwiritse ntchito, pomwe ya dizilo imangoiotcha pa ma resistor, zitsulo zosandutsa magetsi kukhala kutentha.

Koma chimene chimandipwetekabe mtima ndi mota ina ya DC. Ndinalemba mu lipoti kuti mabulashi atsala pang'ono, akuluakulu akuti dikirani oda. Patapita masabata kunabwera bambo wina wa "ndimadziwa zonse" ndi mabulashi otchipa, osakwana bwino, anachita kuwapala ndi fayilo kuti alowe. Mota inathetheka moto pa chitunda sitima italemedwa, titatsegula kopa yense wa commutator anali wakuda bii, wokumbikakumbika, fungo la chopserera mpaka m'zovala. Mabulashi enieni akanatha ndi ndalama yochepa, m'malo mwake mota yonse inatsitsidwa kukakulungidwanso ndipo loko, mutu wa sitima uja, inakhala miyezi pa shedi.

Kaboni ali ndi magiredi, si aliyense amalowa paliponse. Mukaona tinthethe tabuluu pa commutator kapena mizere yakuda, imitsani tsiku lomwelo, osati mawa, ndipo munthu wobwera ndi fayilo m'thumba musamulole kukhudza mota.