Wuthering Heights si nkhani yokoma ya chikondi ayi

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva anthu akunena kuti Wuthering Heights, buku lachingelezi lomwe lidatuluka mu 1847, ndi nkhani yokoma ya chikondi, ati Heathcliff ndiye mwamuna wodziwa kukonda. Zimenezi zanditopetsa.

N'zoona kuti Heathcliff ndi Catherine adakondana kuyambira ali ana ku Yorkshire, dera la ku England. Koma bukuli lili ndi mitu 34, ndipo Catherine amamwalira pa mutu 16. Ngakhale iye ali moyo, Heathcliff adali atayamba kale kubwezera. Adakwatira Isabella pofuna kupweteka mlongo wake Edgar, yemwe adakwatira Catherine, ndipo usiku umene ankathawitsana adapachika galu wa Isabellayo. Nyumba ya Hindley, amene ankamuzunza ali mwana, adailanda kudzera m'ngongole za njuga, n'kulera Hareton, mwana wa Hindley, ngati wantchito wosadziwa kuwerenga. Chondiwawa kwambiri n'chakuti adatsekera mwana wamkazi wa Catherine m'nyumba mpaka atakwatiwa ndi mwana wodwalika wa Heathcliff yemweyo, diso lili pa chuma cha Edgar. Anawa adalakwanji?

Mafilimu adathandiza kufalitsa maganizo olakwikawa. Ya 1939 idadula gawo lonse la anawa.

Bukuli limapezeka laulere pa intaneti. Tsegulani mutu 27, pamene mwana wamkazi wa Catherine uja akulimbana ndi Heathcliff kuti alande kiyi, iye n'kumuwomba mbama. Ngati simunawerenge mpaka pamenepo, chonde musauze anzanu kuti ndi buku la chikondi chokoma.