Mpikisano wa ice hockey womwe ku Europe amaufera, ku Canada amangouyang'ana cham'mbali

Chaka chilichonse mu May bungwe la IIHF, loyendetsa ice hockey padziko lonse, limachititsa mpikisano wa dziko lonse wa ice hockey, masewera a pa ayezi aja omenya ndi ndodo. Munthu wa ku Prague ku Czechia kapena Riga ku Latvia amapempha holide kuntchito kuti akaonere. Wa ku Toronto ku Canada mwina sakudziwa n'komwe kuti wayamba.

Chimasokoneza ndi kalendala. Ligi ya NHL ya ku Canada ndi America, komwe kuli akatswiri enieni ndi ndalama zomwe, mu May imakhala ili pakalikiliki ndi ma playoffs, magemu achipulula olimbirana chikho cha ligiyo cha Stanley Cup, ndiye opita ku IIHF amakhala okhawo amene matimu awo agwa kale, ndipo enanso mwa iwowo amakana, akuti thupi latopa, magemu oposa 80 pa sizoni si masewera, wina akudikira kusaina kontirakiti ndiye sangalole kukavulala. Sapota wa ku Canada amangoti imeneyo si timu yathu yeniyeni, basi nkhani yatha.

Komanso pali kachilonda kakale. Mu 1970 Canada inanyanyala mipikisano imeneyi chifukwa inkaletsedwa kubweretsa osewera olipidwa, pomwe a Soviet Union ankabwera ndi anyamata olembedwa ngati asilikali koma ntchito yawo tsiku ndi tsiku ili hockey yomweyo. Canada inabwereranso mu 1977.

Ku Europe zinthu n'zina. Maligi awo amakhala atha pofika May, bwalo limatsala la timu ya dziko. Mu 2024 ku Prague ndi Ostrava anthu olowa pageti anatsala pang'ono kukwana 800,000, chiwerengero chomwe chinali chisanachitikepo, ndipo eni nthaka a Czechia anatenga golide atagonjetsa Switzerland 2-0. Koma ine nkhani imene imandisangalatsa kwambiri ndi ya Latvia, kadziko ka anthu osakwana 2 miliyoni. Mu 2023 anachinya America 4-3 mu nthawi yowonjezera n'kutenga mendulo ya nambala 3, yoyamba m'mbiri yawo, ndipo aphungu anakumana usiku womwewo n'kulamula kuti mawa lake, pa 29 May, likhale holide. Nambala 3 chabe! Ku Canada mendulo yotereyi amangoiponya mu drowa.

Musaganize kuti a Canada mbendera saikonda ayi. Amangosankha. Mpikisano wa achinyamata osakwana zaka 20, World Juniors, womwe umayamba pa 26 December, kwawoko ndi mwambo wa Khirisimasi, banja lonse pa TSN, kanema wa zamasewera wa ku Canada. Ndipo akamva kuti akatswiri onse alipo, monga 4 Nations Face-Off, mpikisano wa mayiko anayi wa February 2025, pomwe Connor McDavid wa Canada anagoletsa chigoli chogonjetsera America 3-2 ku Boston, dziko lonse limaima chilili. A ku America nawo ambiri amadzidzimuka pa Olympics pokha, golide wawo wa IIHF wa 2025 anadutsa mwakachetechete.

Kunena mosapsatira, mawu oti si timu yathu yeniyeni aja nthawi zina ndi pothawira chabe. A Canada akapambana chikho cha IIHF amachiwerenga ndithu. Mu 2025 anapita ndi Sidney Crosby komanso Nathan MacKinnon, mayina akuluakulu zedi, koma Denmark inawatulutsa 2-1 mu kotafainolo ku Herning.