Lekani kunena kuti zinayamba ndi Hitler

Chaka chilichonse ndikamaphunzitsa mbiri ya kanema, pamapezeka wina wokweza dzanja n'kunena kuti mafilimu onyoza Ayuda anayamba ndi Hitler. Zimenezi zanditopetsa. Hitler anatenga boma mu 1933, pamene mu 1907 kampani ya Edison ku America inali itatulutsa kale Cohen's Fire Sale. M'filimuyo muli wamalonda wachiyuda, atamuveka chimphuno chabodza, yemwe akuwotcha dala sitolo yake ya zipewa kuti adye ndalama za inshulansi. Inali filimu yoseketsa anthu. Mafilimu a nthawiyo analibe mawu, choncho mphuno, ndevu ndi kayendedwe ndizo zinkalankhula. Mwana ankatuluka m'holo akudziwa kale "khalidwe la Myuda" asanakumanepo ndi Myuda ndi mmodzi yemwe.

Koma imene imandisowetsa tulo ndi ya ku Austria ya mu 1924, Die Stadt ohne Juden, kutanthauza mzinda wopanda Ayuda. Inachokera m'buku la Hugo Bettauer la mu 1922, ndipo cholinga chake chinali kuchenjeza. Ndalama zagwa mphamvu, ntchito zasowa, anthu akulusa m'misewu, basi nyumba ya malamulo ivomereza zoti Ayuda onse achoke. Mumaona mabanja atanyamula timitolo, okalamba akuyenda pang'onopang'ono m'chisanu, ena akukwera sitima. Nthawi iliyonse ndikafika pa sitimayo ndimaimitsa filimu, n'kuuza ophunzira kuti ayang'anenso chaka. 1924. Kunali kulibe Auschwitz, msasa umene a Nazi, chipani cha Hitler, anadzapherako Ayuda ochuluka.

Opanga filimuyo anachita mantha pang'ono. Buku linatchula Vienna mosabisa, iwo anautcha mzindawo Utopia. Kumapeto, phungu wodana ndi Ayuda akudzidzimuka, n'kupeza kuti zonsezo anali maloto. Anaganiza kuti akafewetsa, anthu sakwiya. Anakwiyabe. Otsatira chipani cha Nazi ankasokoneza m'maholo, ndipo mumzinda wa Linz anailetsa. Pa 10 Malichi 1925, mnyamata wina wa maganizo a Nazi, Otto Rothstock, analowa mu ofesi ya Bettauer n'kumuwombera. Bettauer anamwalira pa 26 mwezi womwewo. Wakuphayo anam'tumiza kuchipatala cha amisala, ndipo mu 1927 anali atatuluka. Ida Jenbach, mayi amene analemba nawo filimuyo, a Nazi anamutengera ku Minsk mu 1941 chifukwa anali Myuda, osabwerakonso. Wotsogolera filimuyo, Hans Karl Breslauer, anadzalowa chipani cha Nazi. Mbali za filimuyo zimene zinasowa zinapezeka pamsika wa zakale ku Paris mu 2015, ndipo Filmarchiv Austria, nyumba yosungira mafilimu ya ku Austria, inaikonza n'kuionetsanso mu 2018.

Ndiye munthu asandiuze kuti palibe anachenjeza. Analipo, koma amene anali ndi mphamvu anazengereza. Ku Hollywood, mu 1937, Warner Brothers inapanga filimu ya moyo wa mlembi Émile Zola, yokhudza mlandu wa Dreyfus, msilikali wa ku France yemwe anamunamizira chifukwa anali Myuda, koma mawu oti "Myuda" palibe amene akuwatchula m'kamwa. Pamene Charlie Chaplin ankatulutsa The Great Dictator, filimu yonyoza Hitler, mu 1940, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali itayamba kale.

Chondiwawa kwambiri ndi chakuti zinyalala za nthawi imeneyo zikuyendanso m'mafoni athu. Mnzanga wina, munthu wopemphera ndithu, ananditumizira pa WhatsApp kachidutswa ka zithunzi zakuda ndi zoyera, pamwamba atalemba kuti "zoona zimene amabisa". Ndinakazindikira nthawi yomweyo. Kanachokera mu Der ewige Jude ya mu 1940, imene Fritz Hippler anapanga pansi pa unduna wa Goebbels, nduna ya Hitler yofalitsa mabodza a Nazi. Anajambula Ayuda ovutika ku Poland, dzikolo litangolandidwa ndi Germany, n'kulumikiza zithunzizo ndi za makoswe otuluka m'ngalande. Anthu ambiri amene mukuwaona mmenemo sanapulumuke nkhondoyo.

Chonde, samalani ndi "akatswiri" a pa Facebook ndi YouTube amene amadula mafilimuwa n'kuwaikira mawu atsopano. Kukalamba kwa chithunzi si umboni woti n'choona. Funsani dzina la filimu, chaka, ndi amene analipira kuti ipangidwe. Wokutumiziraniyo akalephera kuyankha, musakatumize kwina, ndipo muuzeni tsiku lomwelo, kasanafike ku gulu la kutchalitchi kapena la makolo a kusukulu. Mnzanga uja ndinamuimbira madzulo, koma anali atakatumiza kale m'magulu atatu.