Wojambula mmodzi pa msika wa zikopa wa 1837

Kuyambira 1825 mpaka 1840, alenje otchera misampha m'mapiri a Rocky Mountains ku America ankatsika nthawi yotentha kukakumana ndi amalonda ochokera ku St. Louis. Alenjewo ankabwera ndi mitolo ya zikopa za beaver, kanyama kam'madzi kamene ubweya wake ankapangira zipewa za anthu olemera ku Ulaya. Pobwerera ankasenza wonga, fodya ndi mowa waukali, zonse pamtengo wokwera. Eni dziko, monga Ashoshone, ankafikanso ndi mahema ndi akavalo awo.

Pa misika yonseyi, wojambula zithunzi pamanja amene anafikako anali mmodzi yekha: Alfred Jacob Miller wa ku Baltimore. Mu 1837 anamulemba ntchito William Drummond Stewart, mkulu wa asilikali wa ku Scotland, wochokera m'banja lolemera, kuti akajambule ulendo wake wopita ku mtsinje wa Green River, m'dera limene lero ndi Wyoming.

Akatswiri a mbiri yakale sangachite popanda Miller. Linga loyamba la mitengo la Fort Laramie, limene panthawiyo linkatchedwa Fort William, timalidziwa maonekedwe ake kudzera m'zithunzi zake zokha. Iye ndi amenenso anajambula mlenje Jim Bridger atakwera kavalo, atavala zovala zachitsulo zankhondo zimene Stewart anamubweretsera ngati mphatso.

Koma ine ndikaona zithunzizi, mtima sukhala m'malo. Miller anapita kumeneko kamodzi kokha, ndipo kwa zaka zambiri ankangobwereza zomwe anajambula paulendowo. Zithunzi 200 zimene William T. Walters, munthu wolemera wa ku Baltimore, anaitanitsa, zomwe lero zili ku Walters Art Museum, anazijambula pakati pa 1858 ndi 1860, patapita zaka zoposa 20. Komanso Stewart, amene analipira ulendowo, amangopezeka pakatikati pa zithunzi, ali pakavalo woyera. Apa m'pamene akatswiri amagawikana: kodi tikuona zimene zinachitikadi, kapena zimene bwana ankafuna kupachika pakhoma kunyumba kwake ku Murthly Castle?

Malonda a zikopawo anali atayamba kufa, chifukwa zipewa za silika zinali zitalanda msika. Ndipo m'chaka chomwecho cha 1837, kutali ndi kumene kunali Miller, sitima yapamadzi ya amalonda a zikopa yotchedwa St. Peter's inakwera mtsinje wa Missouri itanyamula nthomba, imene inatsala pang'ono kutheratu mtundu wonse wa eni dziko otchedwa Amandan.