Khungu lowawa likangokhudzidwa ndi mkodzo wa pafupipafupi: uthenga kwa anthu a m'chigwa cha Shire

Alipo anthu ku Chikwawa ndi ku Nsanje amene akhala miyezi, ena zaka, thupi likuwawa. Ena mwa iwo khungu lawo limafika poti malaya akangokhudza amamva ngati awotchedwa ndi moto. Lamba wa m'chiuno, mpendero wa chitenje, madzi osamba, ngakhale dzanja la mwana, zonse zimapweteka. Ambiri mwa anthu omwewa amadandaulanso kuti mkodzo sukuwapatsa mpata: masana kakhumi kapena kupitirira, usiku kudzuka katatu kanayi, koma otuluka ochepa. Poti pakhungu sipaoneka chilonda, achibale amayamba kunena kuti ndi ulesi kapena kulodzedwa. Ululuwu ndi weniweni, ndipo uli ndi chifukwa chake m'thupi.

Khungu lili ndi timitsempha tonyamula uthenga kupita kumsana ndi ku ubongo. Tina timanena za kukhudzidwa chabe, tina za ululu. Ululu ukakhalitsa miyezi yoposa 3, kapena mitsempha ikavulala, njira imeneyi imakhala yatcheru mopitirira muyeso, moti uthenga wa kukhudzidwa ubongo umaulandira ngati ululu. Achipatala amati allodynia. Chikhodzodzo nacho chimalankhula ndi ubongo kudzera m'mitsempha. Cha munthu wamkulu chimasunga mamililita 300 mpaka 500, ndipo ambiri amakodza ka 6 mpaka ka 8 pa tsiku. Mitsempha ikakhala yatcheru, chikhodzodzo chimayamba kunena kuti chadzaza pamene muli mkodzo wosakwana ndi theka la kapu lomwe. N'chifukwa chake mavuto awiriwa amakonda kuyendera limodzi, monga zimachitikira pa matenda a ululu wokhalitsa wa thupi lonse otchedwa fibromyalgia ndi pa ululu wa mgonagona wa m'chikhodzodzo.

Yambani mwayezetsa

Tikukupemphani kuti musayambe ndi kupirira. Kuno kwathu zambiri zoyambitsa mavutowa ndi matenda amene ali ndi mankhwala, ndipo kuwachedwera n'kumene kumawononga.

Shuga ndiye woyamba kumuganizira. Amawononga mitsempha ya kumapazi, munthu n'kumamva kutentha, dzanzi kapena kubaya ngati singano, makamaka usiku, ndipo amachititsa ludzu ndi mkodzo wambiri. Kuyeza kwake ndi kadontho ka magazi a pachala. Wachiwiri ndi likodzo. Amene amasodza, kuchapa kapena kulima m'madimba a m'mphepete mwa Shire, ku Dambo la Ndindi ndi ku Elephant Marsh, amaponda madzi okhala ndi nkhono zofalitsa matendawa. Mazira a tizilombo take amakhazikika m'khoma la chikhodzodzo n'kulitupitsa, ndipo si onse amene amaona magazi mumkodzo. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe amaperekedwa molingana ndi kulemera kapena kutalika kwa munthu. Likodzo losiyidwa zaka zambiri limatha kuwononga impso, ngakhale kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo.

Palinso mashingozi, amene matuza ake akapola amatha kusiya ululu wa pakhungu mbali imodzi ya thupi kwa miyezi. HIV imavulaza mitsempha ya kumapazi, monganso ankachitira ma ARV akale okhala ndi stavudine. Mankhwala a TB otchedwa isoniazid nawo amatero, n'chifukwa chake amaperekedwa pamodzi ndi pyridoxine, yemwe ndi vitamini B6. Ngati mukumwa isoniazid popanda kapilitsi kameneka, funsani. Mowa wambiri umawononga mitsempha. Mawanga otuwa a pakhungu amene samva kukhudzidwa angakhale khate, ndipo khate limachizika. Kumbali ya mkodzo, ganiziraninso tizilombo ta m'njira ya mkodzo, matenda opatsirana pogonana, pathupi, ndi kukula kwa prostate, kachiwalo ka pansi pa chikhodzodzo, kwa abambo opitirira zaka 50. Ena vuto lawo ndi mankhwala a BP otchedwa hydrochlorothiazide, amene ntchito yake ndi kutulutsa madzi; amenewa amamwedwa m'mawa, osati pogona.

Popita kuchipatala tengani kabuku kanu ka kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, ogula pagolosale ndi a zitsamba omwe. Zipatala za boma za Chikwawa ndi Nsanje, cha Ngabu, cha Montfort ku Nchalo ndi cha Trinity ku Muona n'zomwe zili pafupi ndi ambiri, ndipo zikavuta amatumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Musadikire tsiku lina ngati mkodzo watsekeka, mumkodzo muli magazi, mwatentha thupi ndi kuwawa m'mbali mwa msana, miyendo yafooka mwadzidzidzi, mwachita dzanzi pakati pa miyendo, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikungotuluka zokha.

Madzi musawaleke

Cholakwika chachikulu chimene odwala ambiri amachita ndi kusiya kumwa madzi kuti asamakodze. M'chigwa muno, m'mene Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, kutero n'kudziika pangozi. Mkodzo umakhala wochepa koma woŵaŵa, umayabwa khoma la chikhodzodzo, ndipo munthu amakodza pafupipafupi kuposa kale. Impso nazo zimavutika. Munthu wamkulu amene achipatala sanamuletse madzi chifukwa cha mtima kapena impso azimwa malita osachepera 2 pa tsiku, ndipo wodula nzimbe, wokolola thonje kapena wopalasa kabaza padzuwa afunika ochuluka kuposa pamenepo. Mtundu wa mkodzo ndiwo uzikuuzani: ukhale wachikasu chowala, osati ngati tiyi. Imwani pang'onopang'ono tsiku lonse, osati jagi yonse kamodzi, ndipo muchepetse maola 2 kapena 3 musanagone.

Zimene muyenera kuchepetsa ndi tiyi wamphamvu, khofi, zakumwa za kola, zakumwa zopatsa mphamvu ndi mowa. Ena amaona kuti tsabola, mandimu, bwemba, malambe kapena masau zimawonjezera vuto, ena ayi. Musasiye zonse nthawi imodzi n'kudzimana chakudya pachabe. Siyani chimodzi kwa masabata 2, muone kusintha, kenako muchiyesenso. Kudzimbidwa kumapanikiza chikhodzodzo, choncho ndiwo zamasamba, nyemba ndi nsima ya mgaiwa, ya mapira kapena ya mchewere zikuthandizani.

Kuphunzitsa chikhodzodzo

Kwa masiku 3 lembani nthawi iliyonse imene mwakodza ndi kuchuluka kwake. Dulani botolo la pulasitiki la mamililita 500 likhale muyeso wanu. Ngati zonse za tsiku ndi usiku zikupitirira malita 3, vuto si chikhodzodzo chokha, kayezetseni shuga. Ngati mukukodza mkodzo wochepa koma kawirikawiri, ndipo kuchipatala sanapeze tizilombo, chikhodzodzo chikhoza kuphunzitsidwa.

Tinene kuti pano mumapita mphindi 45 zilizonse. Sabata yoyamba yesetsani kufika ola limodzi. Mkodzo ukakugwirani musathamange, chifukwa kuthamanga kumauwonjezera mphamvu. Imani kapena khalani pansi pa chinthu cholimba, pumani mozama kasanu, finyani minofu ya kumusi ija imene mumagwirira mpweya woipa, mwachangu kasanu, ndipo mudikire. Nthawi zambiri kufunako kumachepa pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri, ndiye muyende modekha. Sabata iliyonse onjezerani mphindi 10 kapena 15 mpaka mufike maola 2 kapena 3. Zimatenga masabata 6 mpaka 12. Amene amalephera nthawi zambiri ndi omwe amafuna kulumpha kuchoka pa ola limodzi kufika pa maola atatu tsiku limodzi. Lekaninso chizolowezi chokodzeratu musanamve kufuna, chifukwa chimazoloweretsa chikhodzodzo kusunga zochepa.

Chenjezo limodzi: ngati kufinya minofu ija kukuwonjezera ululu wa m'chinena, ndiye kuti ndi yokungika kale. Isiyeni. M'malo mwake gonani chagada, pindani mawondo, ikani dzanja pamimba, muzipuma mpaka mimba izikwera, kwa mphindi 5 kawiri pa tsiku.

Usiku ikani kachidebe kokhala ndi chivundikiro pafupi ndi pogona, ndi tochi. Palibe chamanyazi pamenepo, ndipo n'kwabwino kuposa kuponda njoka kapena kugwa mumdima. Ngati mapazi amatupa, gonani mutakweza miyendo kwa mphindi 30 chakumadzulo kuti madziwo atuluke musanagone.

Kusamala khungu

Valani zathonje, zotakasuka, zochapidwa kale n'kufewa. Nsalu za nayiloni zimasunga thukuta. Ngati msoko ukukanda, tembenuzani chovalacho, ndipo dulani tizikwangwani ta pakhosi. Tsukuluzani sopo bwinobwino pochapa. Sambani madzi ofunda pang'ono kapena a mumtsuko, osadzikhula ndi mwala kapena chinkhupule, ndipo podzipukuta muzingogunditsa nsalu. Kansalu konyowa koikidwa pamalo owawa kwa mphindi 10 kamaziziritsa. Pamkeka yalani chitenje chofewa. Neti musaitaye ngakhale ikupwetekeni ikakukhudzani, poti malungo kuno ndi ochuluka. Ikungeni bwino m'makona onse anayi kuti italikirane ndi thupi.

Kubisa malo owawa kuti asakhudzidwe konse kumawonjezera vuto pakapita nthawi. Mitsempha imafunika kuzolowetsedwanso. Tengani thonje loyera, musisite pang'onopang'ono kuyambira pakhungu labwino kulowera m'mphepete mwa powawa, kwa mphindi 2 kapena 3, katatu kapena kanayi pa tsiku, mukuyang'ana pomwe mukukhudzapo. Muzichita nokha, chifukwa dzanja lanu thupi limalilandira msanga kuposa la wina. Pakapita masiku mwazolowera, sinthani mutenge chitenje, kenako thaulo. Kumva kusasangalatsa pang'ono n'kololedwa, koma ngati ululu wakula n'kukhala kupitirira theka la ola, mwafulumira. Bwererani pa thonje. Musachite izi pa chilonda kapena pa matuza osapola.

Kutema mphini, kuthowa ndi madzi otentha kwambiri, kapena kuyandikiza mapazi adzanzi pamoto kumabweretsa zilonda zovuta kupola, makamaka kwa odwala shuga. Iwo aziyang'ana mapazi awo tsiku lililonse, pansi ndi pakati pa zala, ndipo asayende opanda nsapato pamchenga wotentha.

Za mankhwala

Ululu wa mitsempha sumvera kwenikweni panado kapena brufen. Panado wa 500 mg munthu wamkulu asapitirire mapilitsi 8 pa tsiku. Brufen, diclofenac ndi indocid, akamwedwa tsiku ndi tsiku ndi munthu wotaya thukuta padzuwa, amawononga impso ndi kuyambitsa zilonda za m'mimba. Mankhwala amene achipatala amapereka kawirikawiri ndi amitriptyline, womwa usiku, kuyambira pa mlingo wochepa. Ena amadabwa akamva kuti ndi mankhwala a matenda a nkhawa. Pa mlingo wochepa ntchito yake ndi kukhazika mitsempha pansi, ndipo ena amawathandizanso kugona ndi kuchepetsa mkodzo wa usiku. Amatenga masabata 2 mpaka 4 kuti muyambe kuona kusintha, choncho musawasiye tsiku lachitatu. Amaumitsa kukamwa, amapatsa tulo ndi kudzimbidwa, amachepetsa thukuta, ndipo kwa abambo a vuto la prostate angathe kutseka mkodzo. Odwala mtima ndi amayi oyembekezera anene asanalandire. Musagawireko mnzanu, ndipo muwasunge kutali ndi ana, chifukwa mapilitsi ochepa okha angathe kupha mwana.

Kwa inu osamalira wodwala: funsani musanamukhudze, ndipo mugwireni ndi chikhatho chonse molimba pang'ono, chifukwa kukhudza kopepuka ndi kumene kumapweteka kwambiri. Kutchalitchi, kumzikiti, pamaliro kapena m'minibasi mukhazikeni pafupi ndi khomo. Madzi akasefukira anthu n'kuthawira m'misasa, dziwitsani mlangizi wa zaumoyo kuti wodwalayo apatsidwe malo oyandikira chimbudzi, ndipo kabuku kake ndi mankhwala muzisunga m'jumbo yomanga bwino kuyambira mvula isanayambe.