Penshoni yanu ikakwana kodi? Zimene mayiko ena amayang'ana asanakupatseni viza ya opuma pantchito

Munthu akamayandikira kupuma pantchito, makamaka ngati ana ake anakhazikika ku Joni kapena ku Ulaya, maganizo oti akakhale pafupi ndi adzukulu sachedwa kumufikira. Pantchito yanga yolangiza anthu za ndalama, funso limene limabwera kawirikawiri ndi lakuti, "Kodi ndikhale ndi zingati ku banki kuti andipatse viza?" Yankho lake limadabwitsa ambiri. Maofesi oona za anthu olowa m'dziko amayamba ayang'ana ndalama zimene zimakugwerani mwezi ndi mwezi inu muli khale, komanso umboni woti sizidzaleka. Mtsuko wodzaza madzi amauona ndithu, koma mtima wawo umakhala pa kasupe.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Munthu wopuma pantchito nthawi zambiri saloledwa kukagwira ntchito m'dziko limene wapitalo, koma adzadya, adzalipira lendi, ndipo ukalamba ukamakula adzafuna chipatala. Boma lililonse limafuna kutsimikiza kuti mtolo umenewo sudzagwera okhoma msonkho a dziko lawo.

Tiyambe ndi South Africa, poti n'kumene abale athu ambiri ali. Gawo 20 la lamulo lawo la za olowa m'dziko, la chaka cha 2002, limalola munthu wopuma pantchito kupatsidwa viza ya zaka zofika 4, ndipo ikatha mumapemphanso ina. Kuyambira 2014 mlingo wa ndalama zimene amafuna kuti muzilandira wakhala R37,000 pamwezi, kutanthauza R444,000 pachaka. Ndalamazo zizichokera ku penshoni, ku annuity (pangano loti kampani ya inshuwalansi izikulipirani mwezi ndi mwezi kuchokera pa ndalama zimene munaipatsa) imene simungaithetse pakati panjira, kapena ku katundu ndi chuma chanu chimene chimabala ndalama zofika pamenepo mwezi uliwonse. Palinso khomo lina, la gawo 27(f), lopereka chilolezo chokhaliratu kwa munthu amene chuma chake chonse chafika R12 miliyoni, ndipo akavomerezedwa amalipira R120,000. Kunena zoona, khomo limeneli ndi la anthu owerengeka. Ngakhale R37,000 yomweyo ndi ndalama imene mphunzitsi, namwino kapena kalaliki wa boma amene wagwira ntchito zaka 30 ku Malawi kapena ku Zambia sangaione pa penshoni yokha. Ndimakonda kunena zimenezi poyambirira penipeni, munthu asanagulitse nyumba ku Chilomoni kapena ku Area 25.

Ku Portugal mlingo ndi wotsikirapo. Viza yawo yotchedwa D7 imayendera malipiro otsikitsitsa a m'dzikolo, amene anali mayuro 820 pamwezi mu 2024 ndipo anakwera kufika 870 mu 2025. Mukapita ndi akazi anu kapena amuna anu mumawonjezerapo theka, mwana aliyense 30 peresenti. Onani kuti mlingowo umakwera malipiro akakwera, pomwe penshoni yanu mwina ili pomwepo. Ku Spain amafuna mayuro 2,400 pamwezi, kapena 28,800 pachaka, kuwonjezerapo 600 pamwezi pa munthu aliyense amene mukumusamalira, komanso inshuwalansi ya zaumoyo yolipira nokha. Ku Panama amafuna madola 1,000 pamwezi, koma kalata ya penshoni inene momveka kuti ndalamazo muzilandira moyo wanu wonse.

Mawu oti "moyo wanu wonse" ndi amene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa amakhudza chisankho chimene anthu amapanga tsiku lopuma pantchito osadziwa kuti akudzitsekera njira. Kampani ya penshoni imakufunsani kuti mutenga zingati pakamodzi ndipo musiya zingati kuti muzilandira mwezi ndi mwezi. Ambiri amathamangira kutenga zonse zimene lamulo likulola: agule minibasi, amalize nyumba, athandize mwana fizi. Sindikunyoza zimenezo, ndi zosowa zenizeni. Koma kalata imene mudzapite nayo ku ofesi ya kazembe idzaonetsa kachigawo kotsalako basi. Minibasi ikhoza kumabweretsa ndalama zambiri kuposa penshoni, koma ngati kondakitala amakupatsirani pamanja madzulo alionse, kwa wopenda mapepala ndalama zimenezo kulibe. Chimodzimodzi lendi. Nyumba zitatu zochititsa lendi zimawerengedwa pokhapokha ngati pali pangano lolembedwa, alendi akulipira kudzera ku banki, ndipo msonkho wake mukukhoma. Ngati muli ndi maganizo odzapumira kunja, yambani kukonza zimenezi kudakali zaka ziwiri kapena zitatu, kuti sitetimenti ya ku banki izidzalankhula yokha.

Ndiye pali nkhani ya kwacha, imene imandipweteka mtima ndikaona momwe imagwetsera anthu amene anakonzekera bwino. Mlingo amauika m'ndalama yawo, inu mumalandira m'ndalama yanu. Mu Meyi 2022 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze munthu wolandira K1,180,000 pamwezi. Usiku ankakwanitsa madola 1,000 a ku Panama aja, kutacha anali ndi madola osafika 700, iye osalakwitsa kanthu. Onjezerani vuto lopeza ndalama zakunja ku mabanki, poti kukhala ndi makwacha n'kwina, kuwatumiza kunja mwezi uliwonse n'kwinanso. N'chifukwa chake amene anagwira ntchito ku Britain, ku South Africa kapena m'mabungwe a mayiko ambiri, ndipo penshoni yawo imabwera m'mapaundi, m'marandi kapena m'madola, amakhala pabwino kwambiri pa nkhaniyi. Kwa olandira m'makwacha malangizo anga ndi akuti ngati mukungofika pamzere penipeni, muzidziwerengera ngati simunafike.

Ndalama zosunga zili ndi malo ake ndithu. Thailand imalola munthu wa zaka 50 kupita m'tsogolo kusankha pakati pa ma baht 65,000 pamwezi ndi ma baht 800,000 m'banki ya m'dzikolo. Koma ndalamazo zikhale zitagona mu akaunti miyezi iwiri musanapemphe, zikhalebe momwemo miyezi itatu mutapatsidwa chilolezo, ndipo miyezi yotsalayo zisatsike kupyola 400,000. Lamulo lotere analiika chifukwa cha chizolowezi chimene ifenso timachidziwa bwino: kubwereka kwa mlamu, kusindikiza sitetimenti, mawa lake n'kubweza. Wopenda mapepala amayendetsa chala pa mizere ya miyezi ingapo yapitayo. Akaona akaunti imene inkazungulira pa ndalama zochepa kenako mzere umodzi wokha wa mamiliyoni utalowa sabata yatha, amafunsa kumene zachokera. Ngati munagulitsa malo, ikani pangano logulitsiralo pamodzi ndi sitetimenti. Ngati munabwereka, musayese n'komwe, chifukwa kukanidwa pa mlandu wa chinyengo kumakutsatani pa mapempho ena onse.

Abale a ku Britain amandifunsa za makolo awo. Dzikolo linatseka khomo la opuma pantchito odzidalira okha mu 2008, ndipo chiyambire 2012 kuitanitsa kholo kuti lidzakhaliretu kumafuna umboni woti likufunika chisamaliro cha tsiku ndi tsiku chimene sichingapezeke kumudzi ngakhale mwana atatumiza ndalama. Ochepa kwambiri ndi amene amadutsa pamenepo, choncho mabanja ambiri amangodalira viza ya alendo ya miyezi 6.

Kubwerera ku South Africa, musalowe ngati mlendo n'cholinga choti mukasinthire mapepala konko. Pempho loyamba limaperekedwa muli kwanu, limodzi ndi kalata ya apolisi ndi ya dokotala, ndipo amene wapyola masiku ake amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi mpaka zaka 5. Manambala onse ndatchulawa amasintha, ndiye atsimikizeni ku ofesi ya kazembe wa dzikolo mwezi umene mukupempha. Kumbukiraninso kuti viza ikatha adzafuna umboni womwewo kachiwiri, pa mlingo ndi mtengo wa ndalama wa chaka chimenecho.